Tinameta Maliro a Munthu Wamoyo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, aLameki Mbewe, ndimamva fungo la mafuta a nsatsi losakanikirana ndi utsi wa fodya wa labu, fungo limene linkatuluka m'ndevu zawo m'mawa uliwonse akakhala pakhonde kuzipesa ndi chipeso chansungwi, nkhuku zikutolatola pamapazi awo, mitondo ikugunda kuseri kwa nkhokwe, iwo osamva kanthu, maso ali pa kachidutswa ka galasi kamene kankakhala m'thumba la jekete lawo. Ndevu zimenezo, abale anga, musaziyerekeze ndi tindevu ta anyamata a masiku ano tokhala ngati udzu wotsala ng'ombe zitadya. Zinali ndevu! Zoyera, zothithikana, zofika pamchombo. Ine ndinaziona ndi maso angawa, ndipo wokana abwere andipeze ku Sinda.

Kupatula ndevuzo, agogo analibe kanthu. Anali mkamwini. Anachoka ku Vubwi ali mnyamata kudzakwatira agogo aakazi, aNaphiri, m'mudzi wathu wa kuseri kwa phiri mbali ya Katete, ndipo anakalambira pomwepo. Munda unali wa aNaphiri. Nyumba inali padothi la aNaphiri. Ana anali mbumba ya aZakeyo, mchimwene wawo wa aNaphiri. Pabwalo pakakhala nkhani, agogo akati atsegule pakamwa, aZakeyo ankangokweza chala n'kunena kuti, "Alamu, dikirani eni ake alankhule." Eni akewo sankamaliza. Agogo anadikira zaka makumi anayi.

Chaka chimene ndikunenachi ndalama za kwacha zinali zitangobwera kumene. Tinali titakolola, dzuwa likuswa mtengo, pamene malole awiri analowa m'mudzi ndi fumbi lofika kumitambo. Munatuluka anthu a ku Lusaka ndi mzungu mmodzi wofiira ngati phwetekere. Anati abwera kudzajambula filimu ya mfumu yakalekale, ya nthawi imene kunalibe sitolo, kunalibe machesi. Dzina la mfumuyo anachita kulipeka, kuopa kulakwira eni ufumu enieni.

Iii, tinaona zinthu! Injini yolira tsiku lonse kuseri kwa khola, mudzi wonse kununkha dizilo mpaka madzi akumwa. Malata onyezimira amene anyamata awiri ankanyamula kuti aziponyera dzuwa kumaso kwa munthu. Mtengo wautali wokhala ndi chinthu chaubweya kunsonga ngati khoswe wakufa, chimene ankati chimamva mawu. Ndi kathabwa kakamwa ngati ng'ona kamene kakati khwa! aliyense ankayenera kutseka pakamwa, ngakhale mwana wakumsana. Akalipentala awo anamanga nyumba ya mfumu masiku awiri okha, yabango, yaitali kuposa tchalitchi. Koma ukazungulira kuseri, kunalibe nyumba. Kunali mitengo yochirikiza basi, ndi pomwe ankadyera nsomba zam'chitini.

Mkulu wawo, mmodzi wa a ku Lusaka aja, tinamupatsa dzina lakuti aBwerezani, chifukwa pakamwa pake sipankatuluka mawu ena. Munthu ukayenda bwinobwino ngati mmene wakhala ukuyendera chibadwire, iye: "Bwerezani!" Koma woopsa weniweni anali mayi wina wochepa thupi, Misi Tembo, wa kabuku m'manja ndi kakamera kosanza chithunzi pomwepo. Ameneyu ntchito yake inali kuona kuti za lero zisalowe m'zakale. Anativula mawotchi, anabisa njinga zonse m'nkhokwe, anatola mbale zachitsulo, ndipo zipsera za katemera pamikono yathu anazimata ndi matope mmodzimmodzi. Anativeka masaka onyika m'makungwa, akuti ndi nyanda. Kuyabwa kwake! Mpaka lero ndikaona saka thupi limandinyerenyetsa.

Mfumu anabwera nayo kuchokera kutauni, bambo wonenepa, ndevu zake zomata ndi ulimbo. Dzuwa litafika pamutu, thukuta litayamba, ndevuzo zinatsetsereka pang'onopang'ono mpaka zinakakhala pakhosi ngati mkanda. Anamatanso, zinatsikanso. ABwerezani anaponya chipewa pansi n'kuchiponda. Nthawi yomweyo agogo ankadutsa kuseri ndi mtolo wansungwi paphewa, ndevu zikuuluka ndi mphepo.

"Imwe madala! Imani pamenepo!"

Agogo anaima, kuganiza kuti aponda chingwe cha anthu.

"Mfumu yanga ndi iyi," anatero aBwerezani.

AZakeyo anadumpha ngati aponda moto. "Bwana, pepani, mwina simukudziwa. Awa ndi akamwini. Obwera. Ngakhale mbuzi alibe."

"Kamera siifuna mbuzi, ifuna ndevu. Manje imwe muli nazo?"

AZakeyo anagwira chibwano chawo. Panali titsitsi tinayi, kamodzi kopindika.

Basi agogo anakhala mfumu. Anawaveka chikopa cha nyalugwe, mikanda m'khosi, litchowa la mchira wa ng'ombe m'manja. Mawu oti alankhule anali ochepa, ntchito yaikulu inali kukhala pampando n'kumayang'ana anthu ngati akununkha. AZakeyo anawapatsa malo a mthenga, woti abwere chothamanga, agwade, aombe m'manja, agubuduke m'fumbi, anene kuti, "Mwini dziko, ndabwera."

Tsiku limenelo sindidzaliiwala. AZakeyo anathamanga, anagwada, anagubuduka. Atangofika pa "mwini", agogo anatsokomola. "Bwerezani!" Anathamanganso, anagubudukanso. Agogo anayetsemula. "Bwerezani!" Kachitatu ntchentche inawavuta. Kachinayi litchowa linagwa lokha. Pofika kachisanu ndi chiwiri aZakeyo anali atasanduka chulu, fumbi mpaka m'makutu, ndipo ananong'ona mano ali gwa: "Alamu, filimu idzatha iyi."

"Mthenga salankhula asanafunsidwe," anatero agogo, osawayang'ana n'komwe.

Koma chimene agogo ankadikira ndi mtima wonse chinali cha Lachitatu la sabata yotsatira. Tsiku limenelo mfumu inkayenera kunyamulidwa pamachila kuzungulira mudzi wonse, onyamula ake alamu awo anayi, aZakeyo patsogolo. Agogo ankachita kuwerenga masiku ndi zala. Chakudya chinkawakanika. Ankati, "ANaphiri, Lachitatu mudzaime poonekera."

"Ndidzakhala ndikusenda mtedza," ankayankha aNaphiri. Iwo za filimuzo ankati ndi masewera a anthu opanda minda.

Tsono filimu, kuti mudziwe, saipanga ngati kulima mzere, kuyamba kuno kukathera uko. Amayamba paliponse. Loweruka anali ataitanitsa anthu a midzi ina ndi ng'oma zawo, ndiye aBwerezani anati tsiku lomwelo ajambuliretu maliro a mfumu. Mfumu ife Loweruka, Lachitatu ikwere machila. Misi Tembo anatijambula tonse mmodzimmodzi n'kuchenjeza mokweza: "Aliyense akhale mmene alili mpaka titsirize. Woluka asamasule, watsitsi asamete. Makamaka imwe amfumu, ndevu izo musazikhudze."

Anawagoneka agogo pamphasa kutsogolo kwa nyumba yopanda kuseri ija. Anawapaka phulusa kumaso, anawamanga chibwano ndi kansalu, anamanga zala zazikulu zakumapazi pamodzi, monga mmene timachitira ndi maliro enieni. Anafuna mayi wachikulire woti akhale kumutu ngati mkazi wa mfumu, ndipo amayi anzawo anakankha aNaphiri. Anapita akung'ung'udza.

Kathabwa kanati khwa! Amayi anayamba kulira, koma kulira kwake kwabodza, kwapakhosi, ena akubisa nkhope m'masaka kuti aseke bwino. Ntchentche inatera pamphuno ya malemu, malemu n'kuifuza. Bwalo lonse linagwa ndi phwete. "Bwerezani!" Kachiwiri chimodzimodzi. ABwerezani anakuwa kuti sanaone anthu osadziwa kulira ngati ife, Achewa athunthu.

Kachitatu mphepo inakweza nsalu kumapazi. ANaphiri anaona mapazi aja, omangidwa, otuwa, zidendene zong'ambikang'ambika ngati dambo la chilimwe. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka ndinamva mawu amene ndinali ndisanawamvepo m'kamwa mwawo, otsika, ochokera m'mimba.

"AMbewe ine! Mapazi awa anathera m'munda mwanga. Munabwera ndi khasu limodzi ndi bulangete, lero mupita ndi chiyani? Ndani anakuthokozanipo m'mudzi muno? Dzulo lomweli ndinakupatsani ndiwo zozizira, inu osadandaula. AMbewe, mwandisiya ndi yani ine?"

Abale anga, mudzi unasweka. Amayi anagwa pansi. Ana tinalira osadziwa chimene tikulirira. Ng'oma zinasiya zokha. AZakeyo, aZakeyo enieniwo, ndinawaona akumina m'saka. Mzungu uja ankajambula diso limodzi, linalo akupukuta. Ndipo malemu ali gone pamphasa, misozi inkatsika kulowa m'makutu, kusiya tinjira m'phulusa.

"Basi! Basi! Ndiye kulira kumeneko!" anakuwa aBwerezani akuvina.

Agogo anadzuka, anamasula chibwano, anapempha madzi akumwa. Anthu a filimu anakwera malole kupita ku Chipata kukatumiza zimene anajambula ndi kukagula dizilo, akuti abwera Lachiwiri.

Koma aNaphiri sanadzuke nawo. Anakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka. Lamulungu kutchalitchi sanayimbe. Kunyumba agogo akangotsokomola, iwo ankatembenuka msangamsanga. Agogo akagona masana pamthunzi, ankapita kukawagwedeza phazi. Lolemba m'mawa anapita kwa mchimwene wawo, ine ndikumva ndili pankhokwe.

"Achimwene, misozi ija inali yeniyeni. Maliro talira, koma sitinamete. Inu mukudziwa, maliro osameta sachoka pakhomo. Amazungulirazungulira kufuna mwini wake."

Kwathu ndi mmene zinkakhalira. Maliro akatha, abale ndi onse olira ankameta mpala, tsitsi n'kukalikwirira kutchire, ndiye kuti imfa yaperekezedwa. AZakeyo sanali munthu wothamangira miyambo, ankakonda kunena kuti iwo ndi a mpingo. Koma tsiku limenelo nkhope yawo inawala ngati apatsidwa ng'ombe.

"Mlongo wanga, mwambo ndi mwambo. Lero lomwe!"

Pofika masana, pansi pa mtengo wa mango panali mzere. Malumo, sopo, mabeseni, ena ndi zidutswa za botolo. Kunkangomveka pala, pala, pala, ndi ana kulira. Tsitsi linaunjikana ngati thonje lakuda. Mitu inatuluka yamitundumitundu, ina yosongoka ngati papaya, ina yamabampu, wa aZakeyo wokhala ndi khwinya kumbuyo ngati khosi la ng'ombe. Ine wanga ndi uwu, unali wokongola kuyambira kale.

Anatsala munthu mmodzi. Agogo anali pakhonde, manja onse awiri atafumbata ndevu.

"Alamu, bwerani," anaitana aZakeyo akunola lumo pachikhatho.

"Ine? Ine ndine malirowo! Munaona kuti wakufa akumeta pamaliro ake?"

"Wakufa sapempha madzi akumwa."

"Ndinafa Loweruka, mboni ndi mudzi wonse!"

"Nanga amene ankalira misozi kulowa m'makutu anali ndani? Mwalira nawo, mumeta nawo."

Anthu anagawikana. Ena ankati malemu sakhudzidwa, ena ankati malemu amene akudya ndi kutsutsa milandu ndi wolira ngati wina aliyense. Mkangano unakula, madoda akuloza ndi ndodo, aliyense kutchula agogo ake. Palibe amene anali ataonapo mlandu wotere chiyambire dziko. Agogo anakuwa kuposa onse, tsiku loyamba kuwamva akukuwa pabwalo: "Mukufuna ndevu zanga chifukwa cha Lachitatu! Zaka makumi anayi ndakhala pansi m'mudzi muno, mwaona kuti ndikwera kamodzi kokha, mitima yakupwetekani!"

Madoda anatsitsa ndodo zawo, chifukwa zinali zoona.

Apo aNaphiri anatenga lumo m'manja mwa mchimwene wawo. Anapita pakhonde, anagwada, mutu wawo wampala ukunyezimira. Sanakweze mawu.

"AMbewe, za Lachitatu ndikuzidziwa. Achimwenewa zawo ndi zansanje, ndikudziwanso. Koma ine Loweruka ndinakuonani mutafa. Ndalawa kale. Sindikufuna kubwereza chaka chino."

Agogo anawayang'ana. Anayang'ana kumene kunali machila, atatsamira pakhoma la bango, opakidwa kale utoto. Anapuma mpweya wautali. Kenaka anachotsa manja pandevu, anakweza chibwano kumwamba ngati mbuzi yoti iphedwe.

"Metani inuyo. Awo asandikhudze."

ANaphiri anameta okha, pang'onopang'ono, ndevu zikugwera pachitenje chawo. Zitatha, tonse tinabwerera m'mbuyo. Munatuluka munthu wina! Kachibwano kakang'ono kosalala, masaya osaonapo dzuwa, kamwa ngati la mnyamata wopita kukafunsira mbeta. Galu wawo yemwe anawauwa. ANaphiri anagwira pakamwa, anaseka mpaka misozi: "Ndi uyu! Ndi uyu amene anabwera ndi bulangete uja!" Ndevuzo anazisakaniza ndi tsitsi la mudzi wonse, madoda awiri n'kukazikwirira kutchire, kumalo kumene munthu sabwererako.

Lachiwiri malole anabwera. Tinawalandira tonse pamsewu, mitu ili ng'aning'ani padzuwa ngati munda wa maungu. ABwerezani anatsika, anayang'ana, anakweranso m'lole n'kutseka chitseko. Patapita nthawi anatsikanso.

"Mfumu yanga ili kuti?"

"Ndili pano, bwana," anatero agogo, ali pafupi nawo penipeni.

Munthu uja anakhala pansi m'fumbi. Anayamba kulankhula zinenero zitatu nthawi imodzi. Anati timuonetse kumene takwirira ndevu kuti akazimate, madoda anati ayambe wafukula agogo ake. Anayesa zaulimbo zija, sizinakhale ngakhale nthawi yomwa madzi. Anayesa khonje, agogo anaoneka ngati tsache. Pomaliza anati basi, filimu yafa, mawa apakira katundu. Agogo anavula chikopa cha nyalugwe, anachipinda bwinobwino, anachipereka ndi manja awiri.

Misi Tembo yekha ndiye sanakuwe. Anali ataima ndi chithunzi cha Loweruka m'manja, akuyang'ana chithunzi, akuyang'ana agogo. Kenaka anaitana aZakeyo.

"Atate, kuno mfumu ikafa, anthu amameta chonchi?"

"Kwambiri, mayi. Ndi mwambo wathu umenewo."

"Akatha kumeta?"

"Amalonga mfumu ina." AZakeyo anayamba kuwongola msana, kukonza saka paphewa. "Amainyamula, kuizunguliritsa mudzi. Pamafunika munthu wa m'mudzi momwemo, wodziwa kulankhula."

"Amalowa ndani, mwana wake?"

"Iyayi, ife si Angoni. Amalowa mwana wa mlongo wake. Magazi amodzi. Ukamuona umachita kuti malemu adzuka, maso omwewo, mphuno yomweyo."

"Ehe," anatero Misi Tembo, akukweza chithunzi chija kuti tonse tione. "Manje m'mudzi muno, ndani ali ndi maso ndi mphuno ya malemu awa?"

Mitu yonse yampala inatembenukira kwa agogo.

Ndi mmene agogo anga analowera ufumu wa iwo eni, ngati mwana wa mlongo wawo. ABwerezani anang'amba mapepala ena, analemba ena atatsamira pa lole, ndipo anayamba kuuza aliyense kuti maganizo ometa mudzi wonse anali ake kuyambira pachiyambi.

Lachitatu linafika. Ng'oma zinalira, amayi nthungululu, fumbi, fungo la dizilo ndi thukuta, malata aja akuponya dzuwa pamitu yathu mpaka mzungu kudandaula kuti tikumuthobwa m'maso. Alamu anayi ananyamula machila, aZakeyo patsogolo, mtengo ukuwadya paphewa. Agogo ali pamwamba, kachibwano kali m'mwamba, litchowa likugwedezeka. Sanatsokomole tsiku limenelo, sanayetsemule. Atafika pabwalo paja pamene anakhala chete zaka zonse zija, anangowerama pang'ono n'kunena kuti, "Alamu, pang'onopang'ono. Eni ake akufuna aone mudzi wawo."

ANaphiri anali ataima pachulu, poonekera, lichero la mtedza lili m'manja, osasenda ngakhale umodzi.

Filimuyo ife sitinaione. Ena amati inapita kunja, ena amati inapsa. Malole atachoka, nyumba yabango ija tinagawana kukamangira mabafa, ndipo agogo anabwerera kunsungwi zawo. Ndevu zinameranso, koma zamapatalipatali, sizinafikenso ngakhale pachifuwa. Anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi chimodzi, ndipo aNaphiri ankauza aliyense kuti zaka zimenezo zinachokera pa lumo lawo. Ndani angatsutse? Tsiku limene agogo anapita zenizeni, ine ndili kale ndi ndevu zanga, amayi anadikira kuti aNaphiri ayambitse kulira. Iwo anangokhala kumutu, dzanja lili pachipumi cha amuna awo. Anati, "Lirani inu. Ine zanga ndinawauza akumva."

Ine lero ndakalamba. Ndine mkamwini nanenso, kuno ku Sinda, koma mkamwini wa mtundu wina: ndikalankhula pano, a tsidya la dambo amayankha. Ng'ombe ndili nazo, njinga yamoto ndili nayo, pamsonkhano sayamba ndisanafike. Koma pali chinthu chimodzi chimene agogo anandiposa, ndipo chimandidya mumtima. Iwo anamva ndi makutu awo mmene adzawalirire. Ine sindikudziwa.

Tsiku lina ndinalimba mtima. Akazi anga, aNabanda, anali akusankha nyemba pakhonde. Ndinati, "ANabanda, kodi ine nditafa, mungandilire ngati mmene aNaphiri analirira agogo?"

Sanakweze n'komwe mutu. Analoza ndi chibwano kukhoma.

"Mphasa ndi iyo. Gonani tione."

Sindinagone.